Dzina lomwe ndinakaniza pa mayeso a Marta

Amina ndi Rashidi, palibe wa inu amene wandipempha kuti ndilembe izi. Ndikulemba mwa kufuna kwanga. Sukulu ndinalekezera Sitandade 7, choncho musayembekezere mawu okometsera. Za ku Joni ndalemba kale. Pano ndilemba za ku Doha, ndipo pali nkhani imodzi yomwe ndikufuna muimve kuchokera kwa ine.

2011: Pa geti

Ndinatsika ndege ku Doha ndili kale ndi imvi m'ndevu. Ntchito yoyamba inali ya ulonda pa geti la kampaundi ina ku Al Waab. Kampaundi ndi mpanda waukulu, m'kati mwake muli nyumba zofanana za mabwana ochokera m'mayiko osiyanasiyana. Tinkaima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. M'miyezi yotentha mphepo ya kumeneko imakhala ngati yotuluka mu uvuni wa njerwa. Makina oziziritsa madzi m'kanyumba kathu anafa, ndipo kapitawo wathu, munthu wokonda kukuwa, ankangoti "bukura, bukura", ndiye kuti mawa. Mawa lakelo silinafike mpaka ine ndinachokapo. Sindinadandaule. Kontirakiti ndinasaina ndekha, palibe anandigwira dzanja.

Pa geti pomwepo ndinapeza Che Twaibu a ku Namwera, munthu wa msinkhu wanga koma wa pakamwa posatseka. Tsiku loyamba anandiyang'ana nati, "Che Yusufu, nkhope yanuyo ithamangitsa ndi eni nyumba omwe. Sekani pang'ono, kuseka kuno sadula pa salale." Ndinati, "Anandilemba ya ulonda. Ya kuseka analemba inu." Tinakhala mabwenzi kuyambira pamenepo. Lachisanu tinkapita limodzi kumzikiti.

2013: Chiwongolero

Tsiku lina lole ya thanki ya madzi inatseka geti, woyendetsa wake atalephera kuibweza m'mbuyo. Ine ndinayendetsapo malole ku Joni. Ndinamutsitsa, ndinakwera, ndinaichotsa. Pa mzere wa magalimoto odikira panali bwana wina wa ku Italy, a Renato, injiniya wa misewu. Anatsitsa galasi n'kundifunsa ngati ndili ndi layisensi. Mapepala osinthira ntchito anatenga miyezi, koma chaka chisanathe ndinali dalaivala wa banja lawo.

A Renato anali bwana wabwino, wopsa mtima msanga ndi wozizira msanga. Akazi awo, a Madamu Silvia, anali munthu wa nkhawa, woona ngozi pa raundabauti iliyonse. Masiku oyamba ndinkaganiza kuti banjali litha, chifukwa cha mmene ankakuwirana m'galimoto, manja ali m'mwamba. Pambuyo pake ndinadziwa kuti ankangokambirana za chakudya chamadzulo. Mwana anali mmodzi, Marta, wa zaka khumi ndi zitatu. Anandifunsa kuti kwathu munthu wamkulu timamuitana bwanji. Kuyambira tsiku limenelo ankati "Bambo Yusufu". Tinkalankhulana m'Chingerezi, changa chothyokathyoka, chake chothamanga.

Ntchito ya udalaivala ili ndi lamulo lake lomwe salemba mu kontirakiti. Zomwe wamva m'galimoto zimatsala m'galimoto. Ndinamva mikangano, ndinamva kulira, ndinamva abwana akunyoza akuluakulu awo pa foni. Ngakhale Che Twaibu, ndi mafunso awo onse aja, sanatolepo kalikonse kwa ine. Ndinkanyadira zimenezo. Ndipo ndinkayesa kuti lamulolo limamanga onse, wa kutsogolo ndi wa kumpando wa kumbuyo yemwe. Palibe anandiuza choncho. Ndinangoganiza ndekha.

2017: Mabuku kumpando wa kumbuyo

Chaka chimenecho malire a pamtunda a dzikolo anatsekedwa pa mkangano ndi mayiko oyandikana nalo, ndipo kwa kanthawi mkaka ndi zinthu zina zinasowa m'masitolo. Ndinazungulira Doha yense ndi a Madamu kufunafuna tchizi cha kwawo. Ankadandaula ngati kwagwa njala. Ine njala ndinaiona ku Ntaja. Ndinangopitiriza kuyendetsa.

Marta anali akulowa chaka chomaliza cha sekondale. Sukulu yake inali yophunzitsa m'Chingerezi, koma iye anasankha kulembanso mayeso apamwamba a Chitaliyana, a chilankhulo ndi a mabuku. Ankafuna kubwerera kwawo kukaphunzira za mabuku ku yunivesite. Abambo ake sankazifuna. Ndinali pa chiwongolero pamene anagwirizana, ndipo Marta anandimasulira yekha pambuyo pake, maso ali ofiira. Akapeza giredi yapamwamba kwambiri m'Chitaliyana, apita ku Italy kukaphunzira zomwe akufuna. Ikachepa ngakhale pang'ono, aphunzira za bizinesi konko ku Doha. A Renato sanali munthu wobweza mawu.

Vuto linali lakuti mwanayo anachoka kwawo ali wamng'ono. Chitaliyana chake chinali cha pa tebulo, chofunsira mchere ndi chokanganirana ndi amake. Cha m'mabuku chinali china. Pasukulu panalibe mphunzitsi wake, choncho anapeza mayi wina wachikulire, a Ornella, amene ankakhala pafupi ndi matchalitchi a ku Abu Hamour. Ndinkamupititsa kumeneko akaweruka. Ankatuluka ndi mapepala ofiira ndi inki ngati aphedwerapo nkhuku. Panali ndakatulo zakalekale zomwe mawu ake ngakhale amake ena sankawadziwa, mabuku onenepa, ndi zimangirizo zoti alembe. Mayeso anali awiri. Olemba anali mu Meyi. A pakamwa anali oyambirira, mu Malichi, pomwe ankayenera kulankhula yekha mphindi khumi za buku lomwe wasankha.

Tsiku lina anaponya buku pansi n'kunena kuti mawu sakulowa. Anandifunsa kuti ife ku madarasa tinkaloweza bwanji Chiarabu chomwe sitinkachimva. Ndinati tinkanena mokweza, shehe ali ndi ndodo. Anaseka nati ndodo ayi, koma kukweza ayesa. Galimoto inasanduka kalasi. Ankayika foni yake pafupi ndi chiwongolero, wotchi ikuwerenga, iye n'kumalankhula Chitaliyana kumbuyoko. Ntchito yanga inali kunena "khalasi" nthawi ikatha, m'Chiarabu ndiye kuti basi. Sindinkamva mawu, koma khutu ndili nalo. Akathamanga ndinkati, "Ukuyendetsa ngati wa takisi. Ponda buleki." Akameza mawu ndinkati, "Sindikumva, ndipo ndili pafupi." Ankabwereza.

Buku lomwe anasankha linali lonena za amuna a m'midzi ya kwawo amene kalekale ankakwera sitima za pamadzi kukagwira ntchito kutali, kusiya akazi ndi ana. Ndinadabwa. Ndinati, "Azungunso?" Anati, "Agogo awo a abambo anga ananyamula njerwa m'dziko la eni, Bambo Yusufu. Ankagona anthu ambiri m'chipinda chimodzi." Ndiye anayamba kundifunsa. Kodi munthu akachoka amanyamula chiyani? Kodi akabwerera ana amamuzindikira? Ndinkayankha mwachidule. Koma msewu wa ku Abu Hamour umathithikana madzulo, ndipo mwanayo sankatopa.

Madzulo ena kunachita fumbi, magalimoto ataima, nyali zoyaka dzuwa lisanalowe. Marta anati, "M'bukumu mwana akumwalira bambo ake ali kutali. Aphunzitsi akuti wolemba anangofuna kutiliza. Kodi zimachitikadi?" Sindikudziwa chomwe chinanditsegula pakamwa. Mwina n'chifukwa ndinali kuyang'ana msewu, osati nkhope ya munthu. Ndinamuuza za mkulu wanu. Mukudziwa kuti analipo mwana patsogolo pa Rashidi, koma simunamvepo za iye m'kamwa mwanga. Ndinamuuza kuti ndinamusiya akuyamba kuyenda. Kuti malungo anamutenga ndili ku Joni, ndipo anaikidwa tsiku lomwelo monga mwa chipembedzo chathu. Kuti mafoni kunalibe, ndipo ine ndinali kale pa ulendo wobwerera, mphatso yake nditaimangirira pamwamba pa basi. Kuti ndinatsika pa Ntaja ndi mphatsoyo paphewa, anthu a pamsika n'kumandipatsa moni maso ali pansi. Anandifunsa dzina lake. Ndinamuuza. Analibwereza kawiri mpaka analitchula bwino. Magalimoto anayamba kuyenda, nkhani inathera pomwepo. Kwa ine inali itatsala m'galimoto.

2018: Chomwe ndinakana

Mu Febuluwale, kutatsala masabata ochepa, a Ornella anamuuza kuti kalankhulidwe kake kapsa tsopano. Marta anali wokondwa. Anakwera n'kunena kuti, "Lero mumva zonse, kuyambira poyamba." Anayika foni, anayamba. Mawu ake anali odekha, osathamanga. Ndiye pakati pa Chitaliyana chija ndinamva "Ntaja". Ndinayesa khutu landinamiza. Kenako ndinamva dzina la mwana wanga.

Ndinapatutsa galimoto pa malo omwetsera mafuta n'kuzimitsa injini. Sindinachitepo zimenezo ndi kale lonse.

"Wanena chiyani?"

"Ndikuyamba ndi nkhani yanu, Bambo Yusufu. Kenako ndikulowa m'buku. Ndikufuna aone kuti bukuli si la kale ayi, kuti anthu ake alipo lero, amatiyendetsa kupita kusukulu. Aphunzitsi akuti ndi pamene pali mphamvu yonse."

"Aphunzitsi akowo aimva?"

"Aimva."

"Adzaimvanso ndani?"

Anafotokoza kuti mawuwo amawajambula pa makina n'kuwatumiza ku Ulaya kwa ochonga mayeso. Anthu osawadziwa, atakhala m'maofesi mwawo, khofi ali m'manja, kumvetsera za mwana wanga n'kumaganiza kuti apereke malikisi angati.

"Ayi," ndinatero.

"Ndimati ndikuuzeni ndikamaliza, ikhale ngati mphatso."

"Zaka zonsezi ndamva zambiri za m'nyumba mwanu. Unamvapo kwa munthu wina?"

"Ayi."

"Nanga zanga zatuluka bwanji?"

Anayamba kulira. Anati asintha dzina, ayika lina. Ndinati, "Mwana wanga si galimoto yoti musinthe nambala n'kumayenda nayo. Uchotse zonse." Anati nthawi yatha, zonse anazimanga pa chiyambi chimenecho, akachichotsa zina zigwa. Ndinaliza injini. Ndinati, "Buku uli nalo. Lankhula za m'buku."

Madzulo ake a Madamu anabwera kugalaja, chinthu chomwe sankachita. Anati mwanayo sanafune kundinyoza, anafuna kundilemekeza. Ndinati ulemu wosapempha ndi kuba. M'mawa mwake a Renato anakhala kumpando wa kutsogolo. Anati, "Yusufu, ukudziwa kuti ine sindikufuna apite kukaphunzira ndakatulo. Ukakana, wandithandiza ine. Koma ndikukupempha, mulole." Pamenepo ndinawalemekeza kuposa kale. Komabe ndinati, "Bwana, makiyi ndi awa. Mukafuna nditengeni ku eyapoti. Koma mwanayo ndi wanga." Anayang'ana makiyiwo, nati, "Yendetsa."

Poti nkhaniyi inali yanga, ndinawafotokozera Che Twaibu, ndipo sanandinyengerere. Tikutuluka mumzikiti anati, "Inu Che Yusufu, ku Ulaya akukudziwani ndani? Adzamva, adzachonga, khalasi, aiwala. Mwana wa eni akulira ndi ekizamu, inu mwaumitsa khosi ngati ngamira."

"Akanakhala wanu?"

"Wanga ndikanati amutchule, ndi pa wailesi pomwe. Wallahi, inu mumasunga chisoni ngati pasipoti, mpaka chidzatha ntchito chili m'chikwama."

Sabata imeneyo sitinadyere limodzi.

Marta akanatha kungonena osandiuza. M'chipinda cha mayeso ine sindikanalowamo, ndipo Chitaliyana sindimva. Sanatero. Anachotsa zonse n'kumanga chiyambi china ndi a Ornella. Ankayesererabe m'galimoto, ine n'kumanena "khalasi" monga kale. Koma mawu anali atasintha. Ankathamanga, ankakhumudwa, ankayambiranso. Ndinkamva ndekha kuti ndi munthu woyenda pa msewu wosaudziwa. Tsiku la mayeso ndinamusiya pa geti la sukulu. Anati, "Mundipempherere, Bambo Yusufu." Ndinamupempherera. Atatuluka anakwera, tinapita kunyumba.

Olemba aja analemba mu Meyi, Ramadani itayandikira. Zotsatira zinatuluka mu Julaye. Anakhoza bwino, koma giredi inachepa ndi sitepe imodzi. A Madamu anandiuza kuti a pakamwa ndi amene anamutsitsa. Sananene kuti ndi chifukwa cha ine. Inenso sindinena choncho. Mayeso sindinalembe ndine, ndipo palibe akudziwa kuti ochongawo akanaikonda nkhani yangayo. A Renato sanabweze mawu. Marta analowa za bizinesi. Ndinkamupititsa ku koleji, maso ali pa foni yake. Mabuku onenepa aja ndinawanyamula ndekha m'katoni kupita nawo kwa a Ornella.

2019: Pa eyapoti

Ntchito ya a Renato itatha, banja linabwerera kwawo. Ndinawaperekeza. Nditatsitsa masutikesi, makolo atatsogola, Marta anatsalira. Anati, "Bambo Yusufu, nkhani ija ndikuikumbukirabe yonse. Sindinauzenso munthu. Mukufuna ndikuuzeni m'Chingerezi zomwe ndinkanena? Inu nokha."

Wapolisi anali akuimba wezulo kuti ndichotse galimoto. Koma si wapolisi anandiletsa. Ndinati, "Ndege ikusiya. Pita bwino, mwana iwe." Anandigwira dzanja ndi manja awiri, monga ndinamuphunzitsira, n'kupita. Sindinamuonenso. Ndinagwira ntchito kwa mabanja ena awiri ku Nuaija, konko ku Doha, anthu oti m'galimoto salankhula ndi dalaivala. Zinandikomera. Zaka zanga zitakwana makumi asanu ndi limodzi visa inavuta, ndinabwerera kumudzi.

2024: Pakhonde

Chaka chatha, tikusankha mtedza pakhonde ndi amayi anu, ndinawafotokozera nkhani yonseyi. Ndinaifotokoza monyada. Ndinkafuna adziwe kuti ngakhale m'dziko la eni, ntchito ili pa chiswe, ndinateteza za m'nyumba mwathu. Ndinayembekeza kuti anena kuti ndinachita bwino.

Anapitiriza kusankha mtedza mu lichero. Kenako anafunsa, "Analitchula bwino?"

"Chiyani?"

"Dzinalo. Mzunguyo analitchula bwino?"

"Analitchula bwino."

"Kangati?"

Ndinati sindinawerenge.

"Inu munalimva," anatero. "Ine chiikireni mwana uja sindinalimvepo. Munatsika basi, munapita kumanda, munabwerako. M'mawa mwake munandiitana kuti Abiti Saidi, ngati mlendo. Rashidi atabadwa munati amake Rashidi, mudzi wonse n'kutsatira inu. Ine ndinali amake mwana uja. Palibe anandifunsa ngati ndalitaya dzinalo."

Ndinati ndinkaopa kuwakumbutsa.

"Kundikumbutsa? Mukuyesa ndinaiwala?" Anapeta mtedza uja kanthawi. "Ndiye anati chiyani za mwana wanga, m'chilankhulo chakecho?"

Ndinawauza za pa eyapoti. Sanakalipe. Anangoti, "Mukanamva, mukanadzandiuza," n'kulowa m'nyumba ndi lichero.

Ana inu, pa za makina ndi ochonga mayeso sindinasinthe maganizo. Munthu amapempha asanatenge. Koma Marta anandipempha pa eyapoti, ndipo zomwe ankafuna kundipatsazo sizinali zanga ndekha. Zinali ndi mwini wake wina kuno, amene wakhala akudikira kuyambira musanabadwe. Nambala ya banjalo inapita ndi foni yomwe inandifera ku Nuaija. Rashidi, iwe umadziwa kufufuza anthu pa makinawa. Dzina lonse la bambo ake ndikuuza ukabwera. Ukamupeza umuuze kuti dalaivala uja wavomera, anene, amayi anu amve. Ukapanda kumupeza, basi.

Ndayesa kuwaitana amayi anu ndi dzina lawo loyamba lija, la amake mwana uja. Lilime limalemera. Ndakwanitsa kamodzi, anali kuseri kwa nyumba, sindikudziwa ngati anamva. Choncho ndilemba pano, poti dzanja ndi lolimba kuposa pakamwa.

Kanjinga kofiira ka matayala atatu kaja, komwe munakwera nonse awiri mpaka Amina anathyola chiwongolero chake, simunafunsepo kuti n'chifukwa chiyani kanali kakale musanabadwe. Ndi komwe ndinatsika nako paphewa pa Ntaja. Mwini wake sanakaone.

Dzina lake ndi Swaleyi. Mukabwera, mulitchule pamaso pa amayi anu.